Chilombo Chili Kuti? Mantha ndi Zizindikiro m'Nthano ndi m'Mabuku

Dera la Mitundu, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, lili pakati pa mapiri awiri otchuka. Pafupi pali phiri la Bunda, chimwala chachikulu choima chokha pachigwa, chomwe chidapatsa dzina sukulu ya ukachenjede ya zaulimi imene lero ndi gawo la LUANAR. Chakumadzulo kwatambalala mapiri a Dzalanyama, m'malire a dziko lino ndi Mozambique, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Kusanabwere sukulu, kusanabwere makina osindikizira mabuku, mapiri awiriwa adali kale ndi nkhani zawo. Ku Bunda kudali kachisi wopemphererako mvula. Ku Dzalanyama ndiko kuli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati padayambira anthu, ndipo chakufupi ndi kumeneko kudali kachisi wamkulu wa ku Msinja, kwa Makewana. Choncho munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akafuna kumvetsa zimene alembi akuluakulu adanena za mantha ndi chibadwa cha munthu, sayenera kuyambira ku London. Ayambire pakhomo.

Nthano ya Kaphirintiwa imati pachiyambi dziko lidali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo idada, mvula idagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo padatsika Chauta, mwamuna ndi mkazi, ndi nyama zonse. Adatera pathanthwe lomwe nthawi imeneyo lidali lofewa, mapazi awo n'kudindika pomwepo. Onsewa ankakhala limodzi mwamtendere. Kenaka munthu, poseweretsa timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, adapeka moto. Adamuchenjeza kuti aleke koma sadamve. Udzu udayaka, tchire lonse n'kulilima. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu. Njovu, mkango ndi zinzake zidathawira kutali zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe adakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta adati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye adaluka ulusi n'kumukweza kumwamba. Ali kumeneko Chauta adalamula kuti kuyambira tsiku limenelo munthu azifa.

Woopsa woyamba padziko, malinga ndi nthano imeneyi, si mkango, si njoka, si mfiti. Amene adathawitsa zamoyo zonse, mpaka Mulungu amene, ndi munthu. Ndipo sadachite zimenezi ndi mtima woipa ayi. Adangochita chidwi ndi timitengo, n'kukana kumva atauzidwa kuti basi. Wokamba nthano akadatha kungonena kuti nzeru za munthu zimamanga ndi kupasula, koma mawu otere mwana amawaiwala asanagone n'komwe. Iye adasankha moto, chinthu chimene mwana aliyense adapsa nacho chala, chimene chimaphika nsima madzulo, mawa lake n'kunyeketsa nkhokwe. Amene adaonapo moto wa osaka mbewa utapulumuka m'mwezi wa Okutobala, mphepo ikuukankhira kumudzi, safuna womumasulira. Lero nkhalango ya Dzalanyama yomweyo ikutha ndi mauvuni a makala, ndipo njinga zolemedwa ndi matumba sizitha m'misewu yolowera mumzinda.

Ichi ndicho aphunzitsi a Chichewa amachitcha chizindikiro kapena chiphiphiritso: chinthu chooneka ndi maso chimene chasenza nkhani yosaoneka. Mantha ndiwo amafuna zizindikiro kuposa china chilichonse, chifukwa mantha alibe nkhope. Munthu amadzidzimuka usiku mtima ukugunda, osadziwa chimene chamuopsa. Akachipatsa dzina, miyendo ndi mchira, amayamba kupuma bwino, popeza chinthu chokhala ndi mchira ukhoza kuchithawa, kuchitchera msampha, ngakhale kuchiimbira nyimbo.

Taganizirani za Kamdothi. Mayi wosabala adaumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo. Lamulo lidali limodzi: mvula isamukhudze. Mitambo ikayamba kuda, mayi ankaimba nyimbo yomuitana, iye n'kuthamangira m'nyumba. Koma mwana ndi mwana. Masewera adamutengera kutali, mvula idamupeza panjira, ndipo adasungunuka asanafike pakhomo. Ana akamamvera nthanoyi amaopa mvula. Agogo amene akuikamba amadziwa kuti nkhani si ya mvula. Ndi ya kholo lililonse limene lidachezerapo usiku wonse mwana akutentha thupi, chipatala chili kutali, likudziwa kuti kamunthu kali m'manjaka n'kosalimba. Palinso chowawa china chimene sichitchulidwa: mvula imene ikupha Kamdothi ndi yomweyo imene mudzi wonse ukuilirira, imene akuluakulu adakaipempha kukachisi ndi nsembe. Tsiku limene aliyense akusangalala kuti chimanga chapulumuka ndilo tsiku limene mayi mmodzi wataya zonse.

Nthano zitayamba kulowa m'mabuku, imodzi mwa zimene zidakhazikika kwambiri m'mitima ya ana asukulu ndi Sikusinja ndi Gwenembe, imene John W. Gwengwe, mlembi wa Kukula ndi Mwambo, adailemba m'zaka za m'ma 1960. Phata la nkhani n'lodziwika. Abale awiri adapita kutali kukafuna chuma. Sikusinja adapeza, Gwenembe adachita nsanje. Pobwerera, m'tchire mopanda mboni, Gwenembe adapha mbale wake n'kutenga katundu. Koma kambalame kadaona. Kadayamba kumutsata kakuimba zimene wachita. Iye adakapha, kadadzukanso. Adayesa izi ndi izo kuti akathetseretu, koma kadabwerabe ndi nyimbo yomweyo, mpaka kukafika nayo kumudzi pamaso pa anthu.

Owerenga oyamba a bukuli sadali kuwerenga zakutali. Imeneyo idali nthawi imene amuna ambirimbiri ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela ndi ku Mthandizi, ena pawokha wapansi. Kunyamuka awiri n'kubwera mmodzi sichidali chachilendo, ndipo mayi wa wosabwerayo adalibe njira yodziwira chimene chidachitika panjira, kupatula mawu a wobwerayo. Nthano idayankha mantha amenewo: kuthengo kumene kulibe maso a munthu, kuli maso ena.

Koma luso lenileni lili pa kukula kwa mboniyo. Wopeka nthano akadatha kutumiza mkango kuti ukadye Gwenembe, nkhani n'kuthera pomwepo, ana n'kuwomba m'manja. Iye adatumiza kambalame kolowa m'chikhatho, kopanda mano, kopanda ululu, kongodziwa kuimba basi. Munthu amene sadanjenjemere pokweza dzanja pa mbale wake wa bere limodzi, tsopano akutuluka thukuta chifukwa cha kanthu ka nthenga. Ndipo akamakapha ndi pamene akuonjezera umboni wakuti ndi wakupha. Kambalameka ena amati ndi mzimu wa Sikusinja, ena amati ndi choonadi, ena chikumbumtima cha Gwenembe mwini. Ine ndimaona kuti onsewa akunena zoona, ndipo mphunzitsi amene amakakamiza ophunzira kuloweza tanthauzo limodzi lokha kuti akakhoze mayeso amaidula mapiko mbalameyo. Chizindikiro chabwino chimasenza katundu woposa mmodzi. Akuluakulu adati mlandu suola. Nthano idaonjezapo kuti mlanduwo umayenda pamodzi ndi mwini wake, n'kumamuimbira kukhutu.

Chinanso choyenera kuchisunga: mbalameyo sidabwezere yokha. Sidamukolowole maso Gwenembe. Idanyamula nkhani kupita nayo kwa anthu, kuti amve, afunse, aone katundu, aweruze.

Ophunzira a kusekondale amene amawerenga Macbeth, sewero limene William Shakespeare adalemba cha m'ma 1606, amakumana ndi Gwenembe wovala zachifumu. Macbeth, mkulu wa asilikali ku Scotland, adapha mfumu Duncan ili mlendo m'nyumba mwake, ili m'tulo. Usiku womwewo kadzidzi adalira, ndipo mwana wa ku Nathenje safuna buku lomuuza tanthauzo la kadzidzi wolira pafupi ndi nyumba. Chimene chidamutsata Macbeth ndi magazi. Mkazi wake, amene poyamba ndiye ankamulimbitsa mtima, adafika poyenda kutulo akusamba m'manja mopanda kanthu. Mnzake Banquo, amene Macbeth adamuphetsa, adabwera ngati mzukwa n'kukhala pampando paphwando, alendo onse osaona kanthu, akumuona ndi Macbeth yekha. M'seweroli muli mfiti zitatu, ndipo kuno kwathu n'kosavuta kuthamangira kunena kuti Macbeth adalodzedwa. Ine ndikukana. Mfitizo sizidagwire mpeni. Zidangomuuza kuti adzakhala mfumu. Banquo adali pomwepo, nayenso adauzidwa zabwino za mbumba yake, koma sadaphe munthu. Mawu a mfiti adapeza dyera lili kale mumtima mwa Macbeth.

Pali mantha ena amene sachokera mumtima mwa wolakwa koma kwa wamphamvu. Anthu a ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe amati pansi pa mapiri pamakhala chinjoka chotchedwa Napolo, ndipo chikafuna kusamuka chimang'amba phiri n'kutsika ndi madzi, matope ndi miyala, kukokolola chilichonse chili panjira. Mu Disembala 1946 Napolo adadutsa mu Zomba, oimba a Paseli Brothers n'kumuikira nyimbo. Mu Malichi 1991 adatsika ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakummwera, dzinali lidamvekanso pakamwa pa anthu. Kuno kuchigawo chapakati njoka yopatulika ndi Thunga, ya kukachisi wa mvula. Njoka ina imabweretsa madzi a moyo, ina madzi a imfa.

Steve Chimombo, amene adabadwa mu 1945 n'kumwalira mu 2015, adatenga Napolo n'kumuika pakati pa ndakatulo zake; buku lake la Napolo Poems lidatuluka mu 1987. Imeneyo idali nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero, ndipo alembi achinyamata amene ankakumana ku Chancellor College kuyambira mu 1970 ankadziwa kuti makoma ali ndi makutu. Munthu ankatha kutengedwa usiku, m'mawa anansi ake osayerekeza kufunsa. Mlakatuli akalemba za chinthu chobwera mosachenjeza, chotenga amene chafuna, chosafunsika, womvetsa ankamvetsa, koma wounika mabuku ankangoona njoka ya m'nthano. Jack Mapanje adasankha bilimankhwe, kanyama koyenda mosamala, kosintha khungu kuti kapulumuke. Buku lake la Of Chameleons and Gods lidasindikizidwa ku London mu 1981. Komabe chiphiphiritso si linga. Pa 25 Seputembala 1987 Mapanje adamangidwa, ndipo adakhala kundende ya Mikuyu mpaka mu Meyi 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse m'khoti. Panalinso mtengo wina umene alembiwa adalipira: pobisa mawu kwa akazitape, adawabisanso kwa anthu wamba, makamaka popeza zambiri zidalembedwa m'Chingerezi. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu, amene ankaopa khadi la chipani monga momwe iwo ankaopera, sadawerenge ndakatulo zonena za mantha ake omwe.

Pa mabuku a kunja, limene limatchulidwa kwambiri pankhani imeneyi ndi Lord of the Flies la William Golding, lotuluka mu 1954. Golding adali mphunzitsi wa anyamata, ndipo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse adali msilikali wa pamadzi. Ana ankawadziwa, nkhondo adaiona ndi maso. M'bukuli ndege yonyamula ana asukulu a ku Britain idagwa pachilumba chopanda anthu, popanda wamkulu aliyense wopulumuka. Poyamba anawo adachita zinthu mwadongosolo. Adasankha Ralph kukhala mtsogoleri. Adatola chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja n'kupangana kuti wochigwira ndiye aziyankhula, ena onse akhale chete. Ndi magalasi a m'maso a mnzawo Piggy adakoleza moto paphiri kuti sitima yodutsa ione utsi.

Kenaka kamwana kena kadati kaona chilombo usiku. Akuluakulu ake adaseka, koma mawu akatuluka sabwerera. Usiku wina mtembo wa msilikali wa m'ndege udatera paphiri uli m'zingwe za palachuti, mphepo ikaomba n'kumaweramuka. Ana adauona mumdima, chilombo chija n'kukhala ndi umboni. Jack, mtsogoleri wa osaka nkhumba, adapezerapo mwayi: iye ndi alenje ake ndiwo angateteze anthu, ndiye za zigoba ndi misonkhano zithe. Adadzipaka dothi kumaso, adapha nkhumba, mutu wake n'kuuzika pamtengo ngati nsembe ya chilombo, ntchentche n'kuunjikana. Mnyamata mmodzi wofatsa, Simon, amene anzake ankamuyesa wozerezeka, ndiye adakwera phiri yekha n'kupeza kuti chilombocho ndi mtembo chabe. Wamisala adaona nkhondo. Adatsika usiku kukawauza anzake, adawapeza akuvina gule wa alenje mvula ya mabingu ikugwa, ndipo iwo adamuyesa chilombo n'kumupha ndi manja awo. Ralph ndi Piggy, ana omvera aja, adali nawo m'bwalomo. Pambuyo pake Piggy adaphedwa ndi chimwala, chigoba chija n'kuphwanyika, ndipo chilumba chonse chidayatsidwa moto posaka Ralph.

Tisafulumire kunena kuti mantha ndi uchitsiru. Nthawi zina chilombo chimakhalapodi. Mu 2003 ku Dowa chinyama china chidapha anthu atatu n'kuvulaza koopsa ena 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 adathawa m'midzi mwawo kukabisala kuboma. Akuluakulu oona za nyama zakutchire adati ayenera kuti ndi fisi wachiwewe. Anthu ambiri a m'deralo sadakhulupirire kuti ndi fisi wamba. Mabala adali enieni, maliro adali enieni. Choopsa chimayamba pa funso lotsatira, limene kwathu kuno silichedwa kubwera fisi akaluma munthu kapena mphenzi ikagwa: nanga chimenechi chatumidwa ndi yani? Pamenepo mantha amatsika pa nyama n'kukwera pa munthu.

Makolo a kuno adali ndi njira yawo yosungira mantha kuti asayende chisawawa. Mitundu ndi Nathenje ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kuti ndi chimodzi mwa zaluso zapamwamba za mtundu wa anthu. Za kudambwe si za m'nkhani ino. Koma zochitika pabwalo aliyense amaziona: ng'oma zikalira, zilombo zimatuluka kulowa m'mudzi, ana n'kubalalika, amayi n'kumaimba ali chapatali. Kasiyamaliro amabwera pamaliro, Chadzunda ndi ukulu wake, Maliya ndi Simoni amene adadza ndi nthawi ya amishoni ndi atsamunda. Chilichonse chimene chidaopsa kapena kudabwitsa mudzi chidapatsidwa nkhope n'kuvinitsidwa pabwalo. Akatswiri ena a chikhalidwe cha Achewa amaona pabwalopo kubwerera kwa kanthawi kwa mtendere wa pa Kaphirintiwa, pamene anthu, nyama ndi mizimu zidali pamodzi. Kusiyana kwake ndi dothi limene Jack adadzipaka n'kwakuti gule ali ndi mwini, mfumu ya mzinda. Ali ndi chifukwa, ali ndi nthawi, ndipo ng'oma zikaleka chilombo chimabwerera kwawo. Anyamata ena akamabisala m'dzina la gule kuti azimenya anthu m'njira, kulanda katundu kapena kuthamangitsa ana asukulu, mafumu eni mwambo ndiwo amayamba kudzudzula, ndipo amalondola.

Mbiri yathu ili ndi nthawi zingapo zimene chizindikiro cha mantha chidavekedwa munthu wamoyo. M'zaka za m'ma 1930, nthawi ya mavuto a zachuma padziko lonse, kudabuka gulu la mchape, limene lidayambira m'dziko muno n'kufalikira mpaka ku Northern Rhodesia. Anyamata ovala zachizungu ankayenda mudzi ndi mudzi, kundandalitsa anthu, kuwauza kuti atulutse nyanga zawo, n'kuwamwetsa mankhwala ofiirira, amvekere womwa akadzabwereranso ku ufiti adzafa. Mfiti ankaizindikira ndi kagalasi: anthu ankadutsa kumbuyo kwa wofufuzayo, iye n'kumayang'ana zithunzi zawo m'galasimo. Sylvester Paliani adalemba buku la Chichewa lonena za nthawi imeneyi, 1930 Kunadza Mchape. Kagalasi kameneka kamandikhudza kwambiri. Galasi ntchito yake n'kudziyang'anira, koma apa adalipendeketsa kuti lionetse munthu wina. Kusiyana kwa nthano ndi mphekesera kuli pomwepo. Zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito zinthu zofanana: usiku, magazi, mbalame, chilombo. Nthano ya Gwenembe ndi sewero la Macbeth zimamusiya womvera akudzifunsa za mtima wake. Mphekesera imamusiya akuyang'ana nyumba ya mnansi wake.

Zotsatira zake tidaziona. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ataphedwa motsatizana usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, kudamveka manong'onong'o akuti magazi awo akutumizidwa ku South Africa. Chakumapeto kwa 2002 nkhani ya opopa magazi idabukanso. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa idayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiri, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Mmodzi mwa ophedwawo adali mnyamata wodwala khunyu, amene adatenthedwa ndi moto. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti ndiwo adaitumiza, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. M'nkhani zonsezi wopopa magazi kapena mfiti sadagwidwe ndi umboni ngakhale mmodzi. Ogwidwa ndi magulu okwiyawo adali alendo, odwala, okalamba, anthu ooneka mosiyana ndi anzawo ndiponso opanda wowaikira kumbuyo. Munthu akawerenga imfa ya Simon ataona zimenezi, sawerenganso ngati nkhani ya ana a azungu pachilumba. Ndipo chopweteka kwambiri m'bukuli ndi chomwe chimapweteka m'midzi mwathu: m'gulu loponya miyala simukhala zigawenga zokhazokha. Mumakhala anthu opemphera, olima, okonda ana awo, amene usiku umenewo adali ndi mantha.

Komabe sindigwirizana ndi Golding mpaka kumapeto. Iye ankakhulupirira kuti ukachotsa apolisi, aphunzitsi ndi makolo, chotsala mwa munthu ndi nkhanza. Dziko lidapereka yankho lina patangopita zaka zochepa. Mu 1965 anyamata 6 a pasukulu ina yogonera komweko ku Tonga, m'nyanja ya Pacific, adatenga bwato la eni ake n'kuthawa. Namondwe adawononga bwatolo, ndipo atayandama masiku angapo adakafika pachilumba chopanda anthu cha Ata. Adakhala pamenepo miyezi 15. Adagawana ntchito, adasunga moto osazima, ankapemphera ndi kuimba limodzi, ndipo awiri akakangana ankawapatula mpaka mitima itazizira. Mmodzi atathyoka mwendo anzake adaumanga ndi timitengo mpaka kuchira. Mu Seputembala 1966 woyendetsa sitima wa ku Australia, Peter Warner, adawapeza onse ali moyo. Izi sizikufafaniza buku la Golding, popeza Mulanje ndi Neno zidachitikadi. Zikungoonetsa kuti iye adaona mbali imodzi ya munthu n'kuiona mozama, ina n'kuisiya mumdima.

Mbali inayo adailemba ndi munthu wakufupi ndi kwathu kuno. Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, pafupi ndi phiri limene munthu amaliona chakummawa akamayenda pamsewu wa ku Dedza atadutsa pa Nathenje. Buku lake la Nthondo lidapambana mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Mpaka lero likuwerengedwa m'sukulu zasekondale. Ntara adamutsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa. Nthondo adakula wosamva, wakuba, wovutitsa anthu. Adapita kunja kukafuna ntchito monga anzake a nthawiyo. Adabwerera kwawo, adakhala mfumu, ndipo pomaliza adatembenuka mtima n'kulowa Chikhristu. M'moyo wake wonse mantha ali ponseponse, a miyambo yophwanyidwa, a matenda osadziwika gwero, a kugwidwa. Owerenga ena amadandaula kuti mathero ake ndi a mphunzitsi wa mishoni amene ankadziwa chimene akuluakulu ake akufuna kumva, ndipo dandaulo limenelo lili ndi pogwira. Koma Ntara adachita chinthu chimene Golding sadachite: adamupatsa munthu woipa zaka zambiri, ndiponso mudzi woti abwerereko. Ana a pachilumba adalibe malume, adalibe bwalo, adalibe wamkulu woti moto ukazimire mwa iye. Nthondo adali nazo zonsezi. Anthu amene adamulonga ufumu ankadziwa bwino lomwe zimene adachita ali mnyamata, ndipo adamulongabe.